ZA MOYO WA M'BANJA: Mbulu wa Mankhwala ndi Dzuwa la Okutobala



Mwezi uno wa Okutobala, umene tisonkhana madzulo onse kupemphera Korona, ndiwo mwezi umene dzuwa liwawa koposa kuno kwathu. Kuyambira patsinde pa phiri la Michesi kufikira ku madambo a ku nyanja ya Chirwa, anthu ali m'minda kusosa ndi kugalauza mizere, kuti mvula ikadza iwapeze atakonzeka. Nkhani yathu ya mwezi uno iri ya dzuwa lomweli, ndipo yachokera pa funso limene anatifunsa mai wina wa m'limana lina, titaturuka m'tchalitchi tsiku la Mulungu.

Mwamuna wache wa maiyo ali munthu wachialubino, mlimi wakhama ndi atate wa ana anai. Zaka 6 zapitazo anampeza ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri aitcha BP, ndipo chiyambire pamenepo amwa m'mawa uli wonse kambulu kamodzi koyera kamene ku chipatala akalemba ndi malemba atatu, HCT. Tsono kuyambira nyengo ya masika, pa mlomo wache wa m'munsi paturuka kachironda kamene kachita nkhanambo, nkhanamboyo igwa, kachironda kabweranso, osapola. Anansi ena anena kuti bamboyo analodzedwa chifukwa cha malire a munda. Ena anena kuti mankhwala achizungu amene amwawo ndiwo amuononga, awataye kuchimbudzi. Maiyo anati kwa ife: "Nanga ine ndimvere ati?"

Za ufiti sitichedwapo, pakuti akristu adziwa chimene Mpingo uphunzitsa. Koma mau a anansi achiwiri aja sitingawakane msanga, chifukwa m'kati mwache muli choona china chimene anzeru a mankhwala achizindikira bwino m'zaka zapitazi. Ngakhale ziri tero, uphungu wao wakuti mibulu itayidwe uli woipa ndithu, ndipo ukhoza kumupha munthuyo msanga koposa chironda chija. Tifuna kufotokoza zonse ziwirizi pang'onopang'ono, mutipirire.

Pali zinthu zina zimene pa zokha sizipweteka munthu kwenikweni, koma zikakumana ndi kuwala zisanduka zaukali. Amene anayamba kuchiona bwino chimenechi ndiye mnyamata wina wophunzira za udotolo ku Munich m'dziko la Germany, dzina lache Oscar Raab, amene analemba za ntchito yache m'chaka cha 1900. Iye anatenga tizirombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tosaoneka ndi maso okha, natiika m'madzi osanganiza ndi utoto wotchedwa acridine. Pamene anasunga madziwo mu mdima, tiziromboto tinakhala ndi moyo nthawi yaitali. Pamene anawaika poyera, tinafa msanga. Ndipo kuwala kokha, popanda utoto, sikunatiphe. Utoto uja unalikumwa mphamvu ya kuwala ndi kuitsanulira m'matupi mwao.

Inu oweta ng'ombe, mwina munachiona chimenechi ndi maso anu, ngakhale simunadziwe dzina lache. Pali chitsamba chija chaminga ting'onoting'ono, cha timaluwa tachikasu ndi tofiira, chimene chimera m'mphepete mwa miseu ndi m'mabwinja. Dzina lache ndi lantana, ndipo kwao ndi ku America. Ng'ombe ikadya masamba ache ambiri, chiwindi chache chionongeka, ndipo zina zochokera ku msipu wobiriwira, zimene chiwindi chikadazitaya, zitsala m'magazi nizifika pakhungu. Ng'ombeyo ikaima padzuwa, mawanga ache oyera atupa, ang'ambika ndi kusupuka. Koma pamene pali pakuda pakhala bwino, ngakhale magazi ali amodzimodzi ndi dzuwa liri limodzimodzi. Musaiwale ng'ombe yamawangayi, pakuti tidzabweranso kwa iyo.

Chitsanzo china chiri pakhomo pathu pomwe. Mwana akafinya mandimu padzuwa, madzi ache ndi mafuta a m'khoko natsikira pa manja, patapita tsiku limodzi kapena awiri pamene panayenda madziwo pakhoza kufiira, kuchita matuza monga wapsa ndi moto, ndipo pambuyo pache patsala zipsera zakuda zooneka monga madontho. Akafinya mandimu omwewo usiku nasamba m'manja, palibe kanthu. M'mandimu muli mankhwala achibadwa amene anzeru awatcha psoralen.

Tsono kupsa kwa pakhungu kuoneka ndi maso, ndipo kupola. Chimene tifuna kuti muchimvetse chiri cha m'kati, chosaoneka.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosawerengeka totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa kachipinda kali konse Mlengi anaikamo malangizo a m'mene kayenera kukulira, kugwira ntchito, kugawikana ndi kuleka kugawikana. Malangizowa analembedwa pa ulusi wautali umene dzina lache ndi DNA. Maonekedwe ache anawafotokoza James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge m'chaka cha 1953: uli monga chingwe cha luzi chimene mkulu achipota pantchafu, nkhosi ziwiri zopiringizana, ndi timitanda tolumikiza nkhosizo monga makwerero. Khungu lathu lisinthika masiku onse, lakale ligwa, latsopano limera. Ndipo kachipinda kakafuna kugawikana, kayamba kamasula nkhosi ziwirizo ndi kulemba malangizo onse kachiwiri, kuti kachipinda katsopano kalandire ache.

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chimene maso sachiona, chotchedwa ultraviolet. Cheza chimenechi pa chokha chikhoza kuononga malemba ena a pa ulusi uja. Thupi liri ndi amisiri ache amene ayenda nakonza pamene paonongeka, ndipo akonza pambiri, koma si ponse ai. Tsono psoralen uja, pokhala wopyapyala, alowa pakati pa timitanda ta makwerero nakhala chete. Mu mdima sachita kanthu, ndipo pambuyo pache aturuka. Koma cheza chija chikamgunda ali pomwepo, agwira nkhosi imodzi zolimba, ndipo chikamgundanso agwira ndi inzache, namanga zonse ziwiri pamodzi kotero kuti sizingamasuke. Kachipinda kotere kapena kafa, ndiko kupsa kumene tiona, kapena amisiri aja adula ndi kusoka mofulumira, nalakwa malemba ena. Kachipinda kolakwa malemba kabala tinzache tolakwa momwemo. Zolakwazo zikaunjikana zaka ndi zaka, nizigwera pa malangizo aja onena kuti "leka kugawikana", kachipinda kamodzi kayamba kuchuruka kopanda malire. Imeneyo ndiyo khansa ya pakhungu.

Zimenezi zinaoneka pa anthu enieni. Anthu a ku Egypt kalekale anali kuchiza nthenda ya mawanga oyera a pakhungu ndi mbeu za chitsamba china cha m'mbali mwa mtsinje wa Nile, wodwala naothera dzuwa pambuyo pache. M'mbeuzo munali psoralen. M'chaka cha 1974 madotolo a ku Boston m'dziko la America anayamba kuchiza nthenda ina youmitsa khungu, yotchedwa psoriasis, mwa njira yomweyi: wodwala amwa psoralen, nalowa m'kanyumba ka nyali zoturutsa cheza cha ultraviolet. Ambiri anathandizidwa ndithu. Koma madotolowo anachita chinthu chanzeru, chimene tiwayamika nacho: analemba maina a odwala 1,380 nawatsata zaka zambiri. Pofika chaka cha 1979 anaona kale kuti khansa ya pakhungu iri kuchuruka pakati pao, ndipo m'zaka zotsatira kunaoneka kuti amene analowa m'kanyumba kaja kambirimbiri ndiwo anaipeza koposa anzao.

Tibwere tsono ku kambulu ka HCT. Dzina lache lonse ndi hydrochlorothiazide, ndipo ali mankhwala akale, otsika mtengo, amene athandiza impso kutaya mchere ndi madzi kuti magazi aleke kuthamanga. M'Malawi muno ndiwo amodzi mwa mankhwala oyamba amene wodwala BP apatsidwa, ndipo odwala BP ali ambiri: pa kafukufuku wa chaka cha 2009 kunapezeka kuti mwa anthu atatu ali onse a zaka za pakati pa 25 ndi 64, mmodzi ali nayo. Kuyambira kale madotolo anadziwa kuti ena akamwa HCT khungu lao lipsa msanga padzuwa. Mankhwalawa samanga nkhosi ziwiri zija monga psoralen, koma nawonso amwa cheza cha dzuwa ali m'khungu, nautsa tinthu taukali timene tiluma ulusi wa DNA.

Anzeru a ku Denmark, dziko limene lisunga bwino mabuku a mankhwala onse operekedwa kwa anthu ache, anayerekeza mabukuwo ndi mabuku a odwala khansa, naulutsa zimene anapeza mu 2017 ndi 2018. Anthu amene pa moyo wao anamwa HCT wokwana mamiligalamu 50,000 anapezeka ndi mtundu wina wa khansa ya pakhungu pafupifupi kanai kuposa amene sanamwe. Ndipo za khansa ya pa mlomo, amene anamwa mamiligalamu 100,000 anaipeza koposa kasanu ndi kawiri. Tiwerenge pamodzi monga kusukulu: mbulu umodzi uli wa mamiligalamu 25, munthu akamwa umodzi tsiku liri lonse, afika pa 50,000 m'masiku 2,000, ndizo zaka zisanu ndi theka. Bambo wathu uja wa zaka 6 anapitirira kale pamenepo. Ndipo mu 2024 bungwe la United Nations loona za khansa, limene likhala ku Lyon m'dziko la France, linaika hydrochlorothiazide m'gulu la zinthu zimene zidziwika kuti zikhoza kudzetsa khansa pa munthu.

Pakumva izi, agogo ambiri amene amwa kambuluka adzadzidzimuka. Khazikani mitima pansi, ndipo kumbukirani ng'ombe yamawanga ija. Khungu lakuda liri ndi utoto wachibadwa wotchedwa melanini, umene usonkhana pamwamba pa ulusi wa DNA monga ambulera, numwa cheza chija chisanafike pamene chikadaononga. Anthu a ku Denmark ali azungu, a melanini wochepa, ndipo ngozi imeneyi yaoneka makamaka pa anthu a khungu loyera. Kwa inu a khungu lakuda, chimene muyenera kuopa ndi kuleka mankhwala: BP yosasamalidwa idula mitsempha ya m'mutu, munthu nagwa pamunda, nafa ziwalo mbali imodzi kapena kutsamwa mau, ndipo mudzi uli wonse wa m'chigwa chino udziwa nyumba imene izi zinachitika. Imwani mibulu yanu monga anakuuzani.

Koma abale athu achialubino alibe ambulera ameneyu. Pa kalembera wa chaka cha 2018 anawerengedwa 134,636 m'dziko muno, ndipo ena a iwo tikhala nawo pa mpando umodzi m'tchalitchi. Dzuwa lokha, popanda mankhwala ali onse, liri kale mdani wao wamkuru, pakuti khansa ya pakhungu yatenga ambiri a iwo asanakalambe. Tsono ngati kambulu aka kachurukitsa nthendayi pa azungu a ku Denmark, kumene dzuwa liri lofooka ndi nyengo yozizira iri yaitali, tiganiza bwanji za mlimi wachialubino wogalauza mizere pa Migowi kapena pa Chiringa mwezi wa Okutobala? Kwa ife kuoneka kuti munthu wotere ayenera kukambirana ndi a chipatala. Mankhwala a BP si amodzi okha. Alipo ena, monga amlodipine, ndipo dotolo kapena wothandiza wache ndiye adziwa amene ayenera munthu ali yense monga mwa thupi lache. Wodwala asasinthe yekha, asagule pa msika, asaleke ndi tsiku limodzi lomwe. Apite ndi buku lache la kuchipatala, nanene mwaulemu kuti: "Ndiri wachialubino, ndigwira ntchito padzuwa, ndipo ndamwa HCT zaka zakutizakuti, kodi alipo ena amene mungandipatse?" Funso lotere siliri lamwano, ndipo wa chipatala wabwino adzakondwera nalo.

Alipo mankhwala enanso amene apsetsa khungu padzuwa, monga doxycycline ndi griseofulvin amene apatsidwa pa chipere. Amenewa amwedwa masiku owerengeka, ndipo chimene chifunika ndicho kubisala dzuwa kufikira atatha.

Pano tifuna kuchotsa mantha ena, amene tidziwa kuti akhoza kubala ndeu m'banja. Pakumva kuti malangizo a m'thupi aonongeka, wina adzafunsa ngati ana obadwa kwa munthu wotere adzabadwa opunduka. Iai. Cheza cha dzuwa sichipitirira khungu. Chimene chionongeka ndi ulusi wa m'tizipinda ta pakhungu pomwepo, ndipo mbeu ya ubereki iri m'kati, kumene kuwala sikufika. Chirondacho sichipatsirana, ndipo sichipita kwa mwana. Momwemonso ualubino sudza chifukwa cha mankhwala amene mai anamwa ali ndi pakati, kapena chifukwa anaseka munthu, kapena chifukwa anachimwa ndi mlendo. Mwana abadwa wachialubino pamene atate ndi amai onse awiri anyamula m'thupi mwao malemba ena amene analandira kwa makolo ao, ngakhale iwo eni ali akuda. Mwamuna amene athawa mkazi wache chifukwa cha mwana wotere athawa magazi ache omwe, ndipo aphwanya Sakramenti la Ukwati popanda chifukwa. Izi tazinena kale pa masamba ano, ndipo tidzazinenanso.

Kwa atsikana ndi amai achichepere tiri ndi mau ochepa. Mafuta ena ogulitsidwa m'misika, oti ayeretsa nkhope, ali ndi mankhwala otchedwa hydroquinone, amene ntchito yache ndi kuletsa khungu kupanga melanini. Madotolo a ku Pretoria analemba mu 1975 za akazi amene anadzola mafuta otere zaka zambiri: pamene dzuwa ligunda, pa masaya ndi pamphumi, khungu linada bii ndi kukhakhala, osabwereranso. Dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola mu 1990. Ife tidabwa kuona munthu alikutaya ndalama za nandolo wache kuti achotse chofunda chimene mnansi wache wachialubino akadakondwa kukhala nacho.

Pa 4 Okutobala tinakumbukira Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene anatcha dzuwa mbale wache. Ambiri sadziwa kuti pamene anayamika Mulungu chifukwa cha dzuwalo, maso ache anali atadwala kotero kuti sanathe kupirira kuwala kwa usana, ndipo anali kukhala m'kanyumba kamdima. Sanalitemberere dzuwa, komanso sanadzikakamize kuima pamene likadampweteka. Lamulo lachisanu la Mulungu, limene litiletsa kupha, litiuzanso kusamala moyo wathu ndi wa anzathu; ndipo pa nkhani iyi kusamalako kuli kwa zinthu zazing'ono, zimene limana liri lonse likhoza kuchita.

Mbale wachialubino alime m'bandakucha ndi madzulo, napume pamthunzi kuyambira dzuwa litakwera kufikira litapendeka. Ndipo amene amlemba ganyu ampimire ndime yache mwa nthawi zomwezo, osamdula malipiro. Avale chipewa cha khonde lalikuru, chifukwa kapusi sateteza makutu, khosi ndi mlomo wa m'munsi, umene uyang'ana kumwamba nulandira dzuwa tsiku lonse. Avale malaya a manja aatali, a nsaru yothithikana imene poiyang'anitsa kudzuwa kuwala sikupyola. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa afunsidwe ku chipatala, ndipo adzoledwe ndi pa milomo pomwe. A bungwe la anthu achialubino la APAM akhoza kukuuzani kumene apezeka. Mitambo isakunyengeni, pakuti cheza chija chipyola mitambo yopyapyala. Ndipo pa Misa ya pabwalo, kapena pa mdipiti wa Ukaristia, kapena pa maliro, akuluakulu a mpingo ampatse malo a pamthunzi, ndipo asamdzudzule akakhala ndi chipewa kumutu pamene amuna ena avula zao. Tinaonapo mkulu wina alikumlozera chala mnyamata wotere kuti avule. Tikhulupirira kuti anachita mosadziwa.

Koposa zonse, a m'banja ayang'ane khungu la mbale wao mwezi ndi mwezi, makamaka pamene iye mwini sangadzione: kuseri kwa makutu, pa khosi, pa mapewa. Malo okhakhala monga msasa amene sachoka, nkhanambo yobwerabwera, chotupa cholimba, chironda chimene chatha milungu itatu kapena inai osapola, zonsezi zipite ku chipatala msanga. Zikali zazing'ono dotolo akhoza kuziumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri kapena kuzidula, munthu nabwerera kwao tsiku lomwelo. Zikazika mizu, ulendo wache uli wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pena afika atachedwa. Kuthira phulusa, mafuta a galimoto kapena madzi a mandimu pa chironda chotere ndiko kutaya masiku amene sadzabweranso. Ndipo za mandimu mwamva kale chimene achita padzuwa.

Mai uja tinamuyankha monga talembamu: mibulu isatayidwe, bambo amwe monga mwa masiku onse, koma apite ku chipatala cha Holy Family sabata yomweyo, akaonetse mlomo wao ndi kufunsa za kusintha mankhwala. Anadandaula kuti munda sunathe kugalauza, ndi kuti mvula siidikira munthu. A m'limana lache atamva, anapangana kukagwira mizere yotsalayo Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo mlamu wache anawabwereka njinga. Pamene tirikulemba mau ano, bamboyo anapita kale, ndipo tiyembekeza kumva chimene madotolo apeza. Mumkumbukire pa Korona wa madzulo ano.